Kafukufuku wa Mayendedwe ndi Chilengedwe Kumudzi: Malangizo kwa Ophunzira a pa Yunivesite

Ophunzira a za chilengedwe, jogalafe kapena mapulani a mizinda akapatsidwa pulojekiti ya chaka chomaliza yokhudza mayendedwe, maganizo amathamangira ku misewu ya phula, magalimoto ndi utsi. Koma munthu wamba kuno ku Malawi maulendo ake ambiri amayenda wapansi, pa njinga yakapalasa kapena pa kabaza. Chomwe chimamulepheretsa kufika komwe akupita nthawi zambiri ndi mtsinje wodzaza, kalavati wokokoloka, matope, ndi mtengo wa kabaza umene umakwera mvula ikangogwa. Kafukufuku wanu ayambire pa ulendo wa munthu ameneyu, ndipo zotsatira zake zikathere m'manja mwake.

Kuti malangizowa asakhale a m'malere, ndigwiritsa ntchito njira yochoka mumzinda wa Zomba kupita ku doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Ili pafupi ndi University of Malawi, ndipo panjira imodzi yomweyi mupezapo kabaza, matola, oyenda pansi ndi mabwato opita pa chilumba cha Chisi. A ku MUBAS, LUANAR, MUST kapena Mzuzu University, ikanipo njira ya kwanuko.

Choyamba: sankhani njira imodzi, funso likhale laling'ono

Mutu woti "mavuto a mayendedwe m'boma la Zomba" simungaukwanitse ndi ndalama za m'thumba la mwana wa sukulu. Funso labwino ndi lomwe mungalifotokozere agogo anu iwo n'kulimvetsa, monga ili: mvula ikagwa, ndani amalephera kuyenda panjira ya ku Kachulu, amatsekeredwa pati, ndipo amataya chiyani? Kapena ili: nsomba zochoka ku Chilwa zimafika bwanji ku msika wa Zomba, ndipo njirayo ikuwononga kapena kuwonongedwa bwanji ndi chilengedwe?

Ngati muli gulu, gawanani mbali za njira imodzi yomweyo, osati aliyense dera lake. Mudzagawana mtengo wa thiransipoti, ndipo zomwe wina wapeza zidzathandiza kutsimikiza za mnzake.

Chachiwiri: yendani kaye musanalembe funso lililonse

Kwerani chomwe anthu amakwera, lipirani zomwe anthu amalipira, dikirani pomwe anthu amadikira. Galimoto ya dipatimenti, ngati ilipo, isiyeni tsiku limeneli. Tengani kope ndi cholembera basi. Lembani nthawi yomwe mwafika pa siteji, nthawi yomwe galimoto yadzaza, pomwe dalaivala wachepetsa liwiro ndi chifukwa chake, pomwe wanjinga watsika n'kuyamba kukankha. Mafunso olembedwa mu laibulale amafunsa kuti "mumakwera basi kangati pa sabata" kudera komwe basi sifika. Ulendo umodzi wokha umachotsa mafunso otere.

Chachitatu: zilolezo, ndi nkhani ya alawansi

Yambani ndi kwanu. Mphunzitsi wokuyang'anirani avomereze ndondomeko yanu, kenako ipite ku komiti yoona kuti kafukufuku salakwira anthu. Ku University of Malawi komitiyi ndi UNIMAREC, ndipo woyang'anira za kafukufuku m'dziko muno ndi National Commission for Science and Technology. Izi zimatenga nthawi, choncho perekani mapepala semesita isanapite patali.

Mukatenga kalata ya ku sukulu, pitani nayo ku khonsolo ya boma, ku ofesi ya bwanamkubwa. Kuchoka apo mutsike makwerero bwinobwino: kwa Gogo Chalo, kwa agulupu, kwa anyakwawa, komanso makomiti a chitukuko a dera (ADC) ndi a mudzi (VDC). Ku nyanja kuli komiti ya pa doko, BVC, yomwe simungailumphe ngati mukufuna kucheza ndi asodzi ndi eni mabwato. Pa siteji ya kabaza pali tcheyamani. Iyeyu sali m'buku lililonse la boma, koma akakana, palibe mnyamata amene adzakuyankheni zoona. Mbali ya njira yomwe ili mumzinda ili pansi pa khonsolo ya mzinda wa Zomba, yomwe ndi yosiyana ndi ya boma, ndipo kumeneko mudutsire kwa khansala ndi mabuloko lida.

Kwa amfumu valani modzilemekeza, atsikana tengani chitenje, khalani pansi musanayambe kuyankhula, ndipo mulole amene wakuperekezani akuonetseni kaye. Chizungu chisiyeni ku geti ya koleji.

Tsopano alawansi. Madera ambiri a ku Chilwa aona mabungwe ochuluka, ndipo anthu anazolowera kuti msonkhano umatha ndi kusaina pepala la ndalama. Nenani poyera tsiku loyamba, pamaso pa amfumu, kuti ndinu ana a sukulu, mulibe thandizo lomwe mwabweretsa, ndipo simukulemba maina a olandira chilichonse. Ena achoka, ndipo palibe vuto. Choopsa n'kusiya anthu akuganiza kuti mlatho ukubwera chifukwa cha mafunso anu, popeza akatero amakuuzani zomwe akuganiza kuti zikoka thandizo. Komabe munthu amene wasiya ntchito yake tsiku lonse kuti akulondolereni njira, kapena wakabaza amene mwamuimitsa ola lathunthu, mulipireni nthawi yake. Ikani zimenezi mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Chachinayi: onani zomwe zinalembedwa kale

Apa musachedwepo. National Statistical Office ili mu Zomba momwemo ndipo ili ndi chiwerengero cha anthu cha kalembera wa 2018. Ku khonsolo funsani dongosolo la chitukuko cha boma ndi mapulani a midzi. Ku nthambi yoona za nyengo pemphani kaundula wa mvula. Fufuzaninso kuti msewu wanu mwini wake ndani: misewu ikuluikulu ngati M3 yodutsa mu Zomba ili m'manja mwa Roads Authority, pamene tinjira tambiri ta m'midzi timayang'aniridwa ndi khonsolo. Mukalakwitsa apa, lipoti lanu lidzapempha ofesi yolakwika kukonza msewu womwe si wake.

Chachisanu: mapu a pansi

Iyi ndiyo ntchito yomwe ndimaikonda kuposa zonse, ndipo ophunzira ambiri amaithamangira. Sonkhanitsani anthu ochepa, asapitirire khumi ndi awiri, pabwalo losesedwa. Apatseni ndodo, miyala, zitsononkho, phulusa. Apempheni ajambule mudzi wawo pansi ndi malo onse omwe amapitako: mjigo, chigayo, sukulu, chipatala, msika, dimba, sikimu ya mpunga, doko, tchalitchi, mzikiti, kotola nkhuni. Inu ndodoyo musaigwire. Ntchito yanu n'kufunsa ndi kulemba zomwe akukangana, chifukwa mkangano wa pomwe pali njira yachidule umakuuzani zambiri kuposa mapu omalizawo.

Chitani ndi amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha. Mukawasakaniza, abambo awiri atatu ndiwo amayankhula, ndipo mapu amadzaza ndi msewu wa ku tauni. Amayi akakhala okha amajambula njira za ku mjigo, ku chigayo, ku nkhuni ndi ku sikelo ya ana, maulendo a tsiku ndi tsiku, katundu ali pamutu mwana ali kumbuyo, omwe sawerengedwa kuti ndi mayendedwe m'malipoti ambiri. Funani dala anthu a ulumali ndi okalamba, muwapeze kunyumba kwawo ngati sangathe kubwera pabwalo. Ana a sukulu mukafuna kucheza nawo, chilolezo chichokere kwa makolo ndi kwa ahedi.

Mapu akatha, funsani kuti: mvula ikagwa usiku wonse, ndi pati pomwe sipadutsika? Aike phulusa pamalo amenewo. Kenako: mayi woyembekezera matenda akamuyamba usiku m'mwezi wa February, mumatani? Apa mumva za njinga ya ambulansi ngati ilipo, za machira, za chidikiro cha ku chipatala, za ndalama yomwe wanjinga yamoto amatchula usiku, ndi za omwe amatumizidwa ku Zomba Central Hospital. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo akhoza kutsimikiza zambiri mwa izi osatchula dzina la wodwala aliyense.

Anthu sakumbukira masiku a pa kalendala, koma amakumbukira zochitika. Gwiritsani ntchito namondwe wa Ana wa mu January 2022 ndi Freddy wa mu March 2023 ngati zizindikiro: madzi anafika pati, njira inatsekeka masiku angati, mitengo ya zinthu inatani? Kwa akuluakulu funsani za 1995, pamene Chilwa inaphweratu, ndi za 2012 ndi 2018 pamene inaphwa kwambiri. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake gombe lake limasuntha. Ikadzaza doko limabwerera kumtunda, ikaphwa bwato limasowa podutsa. Kwa munthu wa pa Chisi, kuchuluka kwa madzi ndiko kumalamula ulendo wake wonse.

Musanachoke jambulani mapuwo ndi foni, muwakopere pa pepala lalikulu, ndipo pepala limodzi lisiyeni kwa amfumu kapena kwa VDC tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi: mafunso a pakhomo ndi kuwerenga odutsa

Mafunso akhale ochepa, oti atha m'mphindi 20. Musafunse kuti "kawirikawiri mumapita kuti", chifukwa munthu amangotchula ulendo waukulu womwe akuukumbukira. Funsani za dzulo: munadzuka n'kupita kuti, kukatani, pa chiyani, munanyamula chiyani, munalipira zingati, munabwerako dzuwa lili pati? Kenako funsani funso lomwe ambiri amaliiwala: m'sabata yapitayi, ndi ulendo uti womwe mumafuna kuyenda koma munalephera, ndipo chifukwa chiyani? Zosowa zenizeni za mayendedwe zimabisala m'maulendo olephereka amenewa.

Mtunda musaufunse m'makilomita. Funsani nthawi kapena mtengo wa kabaza, makilomitawo mudzayeza nokha. Mafunso muwalembe m'Chichewa kuyambira pachiyambi, ndipo pezani mnzanu woyankhula Chiyao kapena Chilomwe, popeza kudera kuno agogo ena amamasuka bwino m'ziyankhulo zimenezi. Yesani mafunsowo pa anthu asanu a mudzi wina musanayambe. Ngati mukugwiritsa ntchito KoboToolbox, pulogalamu yolembera mayankho pa foni, imagwira popanda netiweki, koma tengani pawa banki ndi mapepala ena osindikiza.

Posankha makomo, musangotsata a m'mphepete mwa msewu, ngakhale ndi osavuta kufikako. Theka likhale la midzi yomwe ili kutali ndi msewu, ndipo m'mudzimo tsatani lamulo limodzi, monga khomo lachisanu lililonse kuyambira pa mjigo. Mukalola amfumu akusankhireni, mudzacheza ndi abale awo okhaokha.

Kuwerenga odutsa n'kosavuta koma kotopetsa. Khalani awiriawiri pamalo amodzi, makamaka pa mlatho kapena pa mphambano, kuyambira m'mbandakucha mpaka madzulo, mukusinthana. Papepala gawani mizere ya oyenda pansi, njinga zakapalasa, njinga zamoto, magalimoto ang'onoang'ono ngati Sienta, malole ndi ngolo, ndipo pa aliyense lembani ngati wanyamula katundu ndi mtundu wake. Werengani tsiku la msika ndi tsiku wamba, apo ayi chiwerengero chanu chidzanama. Mukayamba 8 koloko mwaphonya kale ogulitsa nsomba, ana a sukulu ndi a makala. Lachisanu masana ndi Lamulungu m'mawa si nthawi zabwino zoyimira sabata yonse.

Chachisanu ndi chiwiri: akabaza

Palibe injiniya amene amaudziwa msewu ngati munthu woupalasa tsiku ndi tsiku. Wakabaza amadziwa dzenje lililonse, amadziwa pomwe mchenga umameza tayala m'chilimwe ndi pomwe dothi la makande limamata m'dzinja. Muwatenge ngati anzanu pa kafukufuku, osati ongoyankha mafunso.

Apezeni nthawi ya masana pamene makasitomala achepa, ndipo kasitomala akabwera muwalole apite, mudzapitiriza. Yambani ndi "achimwene" kapena "madala", osati ndi fomu. Musalembe nambala ya njinga, musafunse za laisensi pa tsiku loyamba, ndipo musajambule nkhope. Ambiri amaopa kuti mwatumidwa ndi apolisi kapena a Road Traffic, ndipo mantha awo ali ndi chifukwa. Funsani kuti njinga ndi yawo kapena ya bwana, amapereka zingati pa tsiku kwa mwini wake, amathira malita angati, mafutawo amagula pa filing'i siteshoni kapena a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, matayala ndi mabuleki amatha pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo oyilo wakutha amamutaya kuti. Ena amamugulitsa kwa opaka matabwa kuti asadyedwe ndi chiswe, ena amangomuthira pansi, mvula n'kumutengera ku ngalande.

Mitengo ya kabaza muilembe limodzi ndi deti. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso nthawi zomwe mafuta amasowa, mtengo wa mwezi uno sufanana ndi wa mwezi wa mawa. Njira yothandiza ndi kuyerekeza mtengo wa ulendo ndi chinthu chomwe anthu akugulitsa tsiku lomwelo pamsika, monga mulu wa matemba kapena kilogalamu ya mpunga. Zikatero amene adzawerenge lipoti lanu patapita zaka zitatu adzamvetsabe kulemera kwake.

Ngati foni yanu ili ndi GPS, kwerani kabaza mukujambula njira, ndipo paliponse pomwe akuti "apa ndiye pamavuta" imani, ikani chizindikiro, jambulani chithunzi, lembani mawu ake momwe wawanenera. Valani helemeti, ndipo musayende usiku chifukwa cha pulojekiti.

Chachisanu ndi chitatu: yezani za chilengedwe

Msewu ndi chilengedwe zimapwetekana mbali zonse ziwiri, ndipo lipoti labwino limaonetsa zonsezo.

Yambani ndi madzi. Pamalo aliwonse omwe anthu anaikapo phulusa pa mapu aja, pitani ndi tepi. Yezani kutalika, kuya ndi kutambalala kwa chigwembe. Onani kalavati ngati ndi wotsekeka ndi mchenga, zinyalala kapena mapulasitiki, kapena ngati anangochepa kuyambira pomanga. Yang'anani zizindikiro za madzi osefukira pa mitengo ndi pa makoma. Kenako tsatani madziwo kumtunda, chifukwa chomwe chaononga msewu kawirikawiri sichili pamsewupo: ndi munda wolimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje, phiri lometedwa mitengo, kapena ngalande ya msewu womwewo yomwe inalozetsedwa m'munda mwa munthu n'kukumba chigwembe. Mitsinje ngati Likangala ndi Domasi imachokera ku mapiri a Zomba n'kukathira mu Chilwa, choncho zochitika kumtunda zimaoneka pa milatho ya kumunsi. Onaninso ngati pali okumba mchenga pafupi ndi mizati ya mlatho.

Kuti mudziwe masiku omwe njira imatsekeka, pemphani munthu wokhala pafupi, mwini golosale kapena mphunzitsi, azilemba m'kope tsiku lililonse lomwe njinga zalephera kuoloka ndi maola ake. Muzimutumizira mayunitsi ndi kumuimbira sabata iliyonse. Kope limeneli likhoza kukhala umboni wamphamvu kuposa tebulo lililonse la mu lipoti lanu.

Fumbi mukhoza kuliyerekeza poika timbale topaka vaselini pa mitunda yosiyana kuchoka pamsewu, n'kutiyeza pa sikelo ya mu labu tisanaikidwe ndi titachotsedwa. Njirayi ingokuuzani komwe fumbi lachuluka kuposa kwina. Musalembe ngati mwayeza mpweya womwe anthu akupuma, chifukwa zimenezo zimafuna makina ake.

Za utsi wosintha nyengo, masamu ake ndi achidule: lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a carbon dioxide, ya dizilo pafupifupi 2.7. Chulukitsani ndi malita omwe akabaza ndi eni maboti a injini akuuzani. Lembani, koma musapange chimenechi kukhala mutu wa nkhani. Panjira ngati iyi anthu akuvutika ndi nyengo kuposa momwe akuiwonongera, ndipo lipoti lomwe likulangiza mlimi wa mpunga kuti achepetse kukwera njinga yamoto silinamvetse komwe linapita.

Mudzakumananso ndi njinga zonyamula makala ndi nkhuni, zina zopita ku tauni, zina zokawambira mlamba ndi makumba ku nyanja. Ziwerengeni, funsani komwe zachokera ngati mwini wake wamasuka, koma dzina ndi nkhope ayi. Kuotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kope lanu lisakhale chifukwa choti wina alandidwe njinga. Chilwa inalembedwa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la mayiko la Ramsar, choncho chilichonse chomwe mungalangize chokhudza kukweza msewu kapena kukumba ngalande ya mabwato chiyenera kutchula kuunika kwa za chilengedwe komwe lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna pa ntchito zikuluzikulu.

Chachisanu ndi chinayi: pitani kawiri

Msewu wa mu October ndi wa mu February ndi misewu iwiri yosiyana. Ngati kalendala ya sukulu ikulolani ulendo umodzi wokha, sankhani dzinja, ndipo lembani momveka mwezi womwe munapita.

Chakhumi: kusanthula ndi kubweza zotsatira

Posanthula, siyanitsani amayi ndi abambo, a pafupi ndi msewu ndi a kutali, dzinja ndi chilimwe. Avareji ya mudzi wonse imabisa anthu omwe akuvutika kwambiri. Pomwe ziwerengero zikutsutsana ndi zomwe anthu ananena pa mapu, musataye chimodzi, bwererani mukafunse. Maina a anthu achotseni mu fayilo, muike manambala.

Musanapereke lipoti kwa aphunzitsi, bwererani kumudzi ndi pepala limodzi la Chichewa ndi mapu osindikiza. Werengani zomwe mwapeza pamaso pa amfumu, VDC, BVC ndi akabaza, ndipo afunseni pomwe mwalakwitsa. Akukonzani, ndipo zokonzazo zilowe mu lipoti. Kenako apatseni nyemba kapena timiyala kuti aliyense aike pa vuto lomwe akufuna liyambe kukonzedwa, amayi aponye padera kuti asatsatire dzanja la amfumu.

Malangizo a mu lipoti muwagawe potengera yemwe angawachite. Pali zomwe mudzi ungachite wokha, monga kutsegula kalavati mvula isanayambe ndi kubzala vetiva m'mbali mwa ngalande. Pali zomwe zingalowe mu ntchito za mthandizi kapena kupemphedwa ku thumba la chitukuko cha m'madera la CDF. Pali zomwe ndi za Roads Authority basi. Pa chilichonse tchulani malo enieni, ndi GPS ndi chithunzi, chifukwa "boma likonze misewu" palibe amene angaliike mu bajeti, pamene kalavati wa pamalo akutiakuti amene amatseka njira ya ku chipatala masiku mwakuti pa chaka akhoza kulowamo.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, ndipo makhonsolo amakonza mapulani awo miyezi ingapo tsikuli lisanafike. Funsani mkulu woona za mapulani ku khonsolo nthawi yomwe ADC imatumiza zofuna za madera, ndipo pepala lanu lifike kwa tcheyamani wa VDC nthawiyo isanakwane. Siyani kope lina ku ofesi ya za ntchito za chitukuko ku khonsolo, lina ku dipatimenti yanu pamodzi ndi mafunso, mapu ndi malo a GPS, kuti gulu la chaka chamawa likayezenso zigwembe zomwezo n'kuona ngati zakula.